Musanasainire Ndege Yowoloka Atlantic, Yambani Mwaona Mawailesi

Mwangoyamba kumene ntchito mu ofesi yokonza maulendo a ndege, ija pantchito timangoiti dispatch, ndipo akuikani pa ulendo wanu woyamba wowoloka nyanja ya Atlantic. Mafuta mwawerengera, nyengo mwaiona, mabwalo okatera zinthu zikavuta mwasankha. Pa zimenezo sindikukukayikirani, sukulu munapita. Pamene ndaona atsopano ambiri akupunthwa, ngakhale ochenjera, ndi pa mawailesi. Amati imeneyo ndi nkhani ya mainjiniya, iwo n'kungokopera zilembo za pa pulani ya dzulo kuika pa ya lero.

Pamtunda, kaya ndi pakati pa Lilongwe ndi Blantyre kaya pakati pa London ndi Paris, kontirola, munthu wa pansi amene amalondolera ndege m'mwamba, akadina batani woyendetsa amamva nthawi yomweyo. Panyanja palibe podzika mlongoti. Kuyambira 2019 makontirola a ku Gander ndi ku Prestwick amaziona ndege pa sikirini kudzera pa masetilaiti, koma kuona ndi kwina, kulankhula ndi kwina. Mpata umene kontirola amasiya pakati pa ndege ziwiri umadalira kuti ndegeyo angaipeze msanga bwanji akafuna kuiuza kuti ikhote kapena itsike. Iye m'ndege yanu sanalowemo. Amangokhulupirira zilembo zimene inu mwalemba. Choncho pa chipangizo chilichonse muzidzifunsa zinayi: chilimo kodi, chikugwira ntchito lero, boma linatiloleza kuchigwiritsa ntchito, nanga pa pulani ndalemba zoona? Chimodzi chikaphonyeka, zitatu zinazo sizikupulumutsani.

1. Dziwani pamene VHF imalekezera. Iyi ndi wailesi ya tsiku ndi tsiku, ya pakati pa 118 ndi 137 MHz. Mawu ake ndi oyera, koma amayenda molunjika ngati diso, pamene dziko ndi lobulungira. Ndege ili pa mafiti 35,000 imamvana ndi mlongoti wa pansi mpaka mamailosi a panyanja pafupifupi 200, ndipo mailosi imodzi ya panyanja ndi makilomita 1.852. Kuchoka ku Shannon ku Ireland kukafika ku Gander ku Newfoundland ndi mamailosi pafupifupi 1,700. Werengani nokha: pakati pamatsala mtunda woposa mamailosi 1,000, maola awiri kapena atatu, VHF isakufika kumtunda kulikonse. Sikuti imazimitsidwa ayi. Imodzi imakhala pa 121.5, frequency ya ngozi, ina pa 123.45, pamene ndege zimalankhulana zokhazokha. Apa ndi pamene oyendetsa amachenjezana za mphepo yogwedeza ndege, ndi pamene amene zake zafa amapempha mnzake kuti amuperekere uthenga. Usiku wa mpira waukulu mumamvanso ena akufunsana zigoli. Si ntchito yake, koma anthu ndi anthu.

2. Lamulo ndi la njira ziwiri. Buku loyendetsera chigawo cha North Atlantic ndi NAT Doc 007 la ICAO, bungwe la United Nations loona za ndege, ndipo limasinthidwa pafupipafupi, ndiye kope la chaka chatha musagwire nalo ntchito. Mutu wa nkhani ndi uwu: ndege yodutsa kumene VHF sifika imafunika njira ziwiri zolankhulira patali, ndipo imodzi iyenera kukhala HF. Yachiwiri ikhoza kukhala HF ina, foni ya setilaiti, kapena mauthenga olemba, malinga ndi zimene lavomereza boma limene linapereka chilolezo ku kampani yanu. Achinyamata amadabwa kuti ndege yatsopano, ya intaneti ya apaulendo, ikanike kunyamuka chifukwa cha wailesi ya m'nthawi ya agogo. Chifukwa chake n'chakuti foni ya setilaiti ndi mauthenga olemba nthawi zambiri zimadutsira m'bokosi limodzi ndi eriyo imodzi. Zikafa zimafera pamodzi. HF sidalira setilaiti ya munthu.

3. Amene munakulira m'nyumba ya wailesi ya shortwave, HF mukuidziwa kale. Madzulo bambo ankapotoza kachitsulo pang'onopang'ono, mawu ochokera kutali n'kubwera, n'kuzimirira, n'kubweranso pakati pa phokoso ngati la mafuta otentha m'chiwaya. Ya m'ndege ndi yomweyo, kuyambira pafupifupi 3 mpaka 22 MHz. Mafunde ake amakwera kukagunda ionosphere, gawo la mlengalenga limene dzuwa limalidzaza mphamvu ya magetsi, n'kubwerera pansi kutali kwambiri. Wolamula ndi dzuwa: masana mumafuna frequency yokwera, usiku yotsika. Ku North Atlantic ma frequency anawaika m'mabanja. Banja lina lili ndi 2899, 5616, 8864 ndi 13291 kHz, ndipo oyendetsa amapatsidwa ziwiri, yoyamba ndi yodikirira. Ndege yochoka ku Ulaya masana ikhoza kumvana bwino pa 8864, yobwerera usiku n'kupeza pamenepo pali zii, mawu ali pa 5616 kapena 2899. Nthawi yovutitsa ndi mbandakucha ndi chisisira, pamene ndege ikadali mumdima koma kusiteshoni kwacha kale.

4. Woyankha pa HF si kontirola. Dzina loti Shanwick, la chigawo cha panyanja cha mbali ya ku Ulaya, analiphatikiza kuchokera ku Shannon ndi Prestwick, ndipo ntchito inagawika momwemo: makontirola amakhala ku Prestwick ku Scotland, olankhula pa wailesi amakhala ku Ballygirreen, pafupi ndi Shannon. Woyendetsa akapempha kukwera, wa pa wailesi amalemba pempholo pa kompyuta, limapita kwa kontirola, yankho n'kubwerera njira yomweyo. Mtumiki alibe mphamvu yololeza kanthu, ndipo kumukakamiza n'kudzitopetsa. Mphindi zingapo zimatha. Ndege imayenda mamailosi 8 pa mphindi, ndiye amene wapempha kuzemba mtambo wa mabingu atauyandikira kale, wachedwa. Mukaona pa mapu kuti njira ikudutsa m'nyengo yoipa, lembani pa mapepala a oyendetsa kuti apemphe msanga. Shanwick imalekezera pa mzere wa pa mapu wa 30 West, Gander n'kulandira. Kumpoto kuli Reykjavik ndi Bodø, kum'mwera Santa Maria wa ku Azores ndi New York.

5. Phokoso la HF palibe angalipirire m'makutu maola anayi. N'chifukwa chake kuli SELCAL, belu loitanira ndege imodzi yokha. Ndege ili ndi khodi ya zilembo zinayi. Wa pa wailesi akaitumiza, m'chipinda cha oyendetsa mumalira kabelu, kanyali n'kuyaka, iwo n'kukweza voliyumu. Pano pali misampha itatu, ndipo iwiri imadutsa pa tebulo lanu.

Woyamba, makhodi ndi ochepa. Kwa zaka zambiri panali zilembo 16 zokha, A mpaka S kuchotsapo I, N ndi O, zimene zimapereka makhodi 10,920, pamene ndege n'zochuluka kuposa pamenepo. Khodi imodzi ili ndi eni angapo. Mu Novembala 2022 anawonjezera zina 16, T mpaka Z ndi manambala 1 mpaka 9, koma ndege zakale zikadali ndi makhodi ogawana aja. Belu likalira, woyendetsa amve kaye dzina la ndege imene ikuitanidwa asanavomere chilichonse.

Wachiwiri, khodi ndi ya kampani, si ya ndege. Imaperekedwa ndi bungwe la ASRI la ku America, ndipo ndege ikagulitsidwa khodi siitsatira yokha. Ndege yogula kapena yobwereka ikafika, pitani nokha mukaone kachikwangwani ka m'chipinda cha oyendetsa, mufananize ndi zimene zili mu kompyuta yanu, mufunsenso mainjiniya ngati bokosi lenilenilo analisintha. Malo atatuwo ndinawapezapo akunena zinthu zitatu zosiyana.

Wachitatu, SELCAL imayesedwa polowa m'chigawo chilichonse, ngakhale mauthenga olemba akuyenda bwino. Ikakanika, mmodzi wa oyendetsa amavala mahedifoni kumvera phokoso lija mpaka tsidya lina. N'zololedwa, koma munthu ameneyo akatera sakupatsani moni.

6. Masiku ano zambiri zimayenda polemba. CPDLC ndi njira imene kontirola ndi woyendetsa amalemberana ngati mameseji a pa foni, popanda mtumiki pakati. ADS-C ndi mnzake: kompyuta ya ndege imatumiza yokha pamene ili, mulingo umene ikuuluka ndi kumene ikulowera, pa nthawi imene kontirola wapempha, ndipo imamutsina khutu ndege ikapatuka pa njira. Ziwirizi za panyanja zimatchedwa FANS 1/A. Kuyambira pa 30 Januwale 2020 ndege yofuna kuuluka pakati pa FL290 ndi FL410, ndiye kuti mafiti 29,000 mpaka 41,000, m'chigawo cha North Atlantic iyenera kukhala nazo. Malo ochepa okha ndi amene sakhudzidwa, monga kumpoto kwa 80 North, chigawo cha New York Oceanic East, ndi kumene kontirola amaona ndege VHF n'kumafikanso. Yopanda zidazi imadutsa pa FL280 kutsika mmunsi, kapena pamwamba pa FL410 ngati ingathe. Ndege yaikulu yodzaza singakwere kumeneko, ndipo mmunsi mainjini amamwa mafuta ngati chidakwa tsiku la malipiro. Bokosi limodzi lakufa likhoza kukuchotsetsani katundu, ngakhale kukutumizani kokatera panjira.

CPDLC ilipo ya mitundu iwiri. Ya ku Ulaya, imene amaiti ATN, imayenda pa VHF ndipo panyanja ilibe ntchito. Wina akakuuzani kuti ndegeyi ili ndi CPDLC, funsani kuti iti.

Mauthengawa amabwera m'Chingerezi chodukaduka, ndipo timawu ting'onoting'ono ndi timene timavulaza. Lamulo lokwera loyamba ndi AT 1420 likutanthauza kuti usayambe kukwera nthawiyo isanakwane. La BY 1420 likutanthauza kuti pofika nthawiyo ukhale utafika kale. Uthenga wa EXPECT, kapena funso loti ndege ingakwanitse liti mulingo wakuti, si chilolezo. Ndege zakwerapo kulowa mu mpata wa zinzake chifukwa cha timawu timeneti, ndiye makampani ambiri amalamula kuti oyendetsa awiriwo aziwerenga uthenga aliyense payekha, chamumtima, asanakambirane. ADS-C ikafa ulendo uli mkati, lipoti limabwerera pakamwa: pamene ndege yadutsa, nthawi, mulingo, malo otsatira ndi nthawi yokafikako, ndi malo otsatiranso. Nthawiyo ikasintha ndi mphindi 3 kapena kuposa, ayenera kunenanso.

7. Amayezanso liwiro la kulankhulanako. Kuyambira pa 29 Malichi 2018 kuli dongosolo la PBCS. Mmenemo RCP240 ikutanthauza kuti kuchokera pamene kontirola watumiza lamulo kufikira pamene walandira yankho pasadutse masekondi 240, ndipo RSP180 ndi masekondi 180 oti lipoti la ADS-C lifike. Ndege yokwanitsa izi, imenenso imasunga njira yake pa muyezo wa RNP4, amaiika mamailosi 23 kuchokera kwa inzake ya pambali, pamene kale panali 60. Njira za pa North Atlantic zimajambulidwa mwatsopano tsiku lililonse potsata mphepo, ndipo zina za pakati, zothithikana, amazisungira ndege zoterezi. Taonani kuti m'masekondi 240 aja muli nthawi ya woyendetsa yowerenga ndi kuyankha. Amene akumaliza kaye khofi akuipitsira kampani yonse mbiri, chifukwa nthawi ya uthenga uliwonse imasungidwa, ndipo ndege yochedwachedwa amainenera ku boma lake. Ngati sanakonzeke kuyankha, adine STANDBY. Chilolezo cha PBCS chimachokera ku boma. Buku la opanga ndege likunena kuti imatha, koma pepala la boma palibe? Musalembe.

8. Foni ya setilaiti m'mabuku amaiti SATVOICE, ndipo makampani ake ndi awiri. Masetilaiti a Inmarsat ali pamwamba pa equator, makilomita pafupifupi 36,000, ndipo ndege ikayandikira 80 North amayamba kubisika kuseri kwa dziko. A Iridium alipo 66, amazungulira pafupi, makilomita pafupifupi 780, ndipo amafika mpaka ku North Pole. Pa ulendo wa ku gombe la kumadzulo kwa America umene mphepo yaukankhira kumpoto kwa Greenland, muyenera kudziwa kuti ndege yanu ili ndi iti. Foni ya setilaiti ya m'manja imene kaputeni wanyamula m'chikwama siwerengedwa, intaneti ya apaulendo chimodzimodzi. Chowerengedwa ndi chomangiriridwa m'ndege, chovomerezeka, chomveka m'mahedifoni. Chimafunanso akaunti yamoyo, ngati simu khadi iliyonse. Ndege yongogulidwa kumene ikhoza kukhala ndi bokosi labwinobwino, akaunti itatsekedwa ndi mwini wakale.

9. Tsopano pulani yeniyeni. M'bokosi 10a, H ndi HF, J5 ndi CPDLC ya FANS pa Inmarsat, J7 pa Iridium, M1 ndi M3 ndi foni ya setilaiti ya makampani omwewo, P2 ndi RCP240. J1 ndi ATN ija ya ku Ulaya. M'bokosi 10b, D1 ndi ADS-C. M'bokosi 18 mumalemba SEL/ ndi khodi ya belu lija, SUR/RSP180, komanso REG/ ndi nambala ya ndege yolembedwa kumchira. Polumikiza CPDLC, ndege imadzitchula kwa kompyuta ya pansi: EGGX ndi Shanwick, CZQX ndi Gander, BIRD ndi Reykjavik, LPPO ndi Santa Maria. Kompyutayo imafananiza dzina la ulendo ndi nambala ya ndege ndi zimene zili pa pulani. Zikasiyana pa chilembo chimodzi, ngakhale ziro wongowonjezera patsogolo, imakana.

Ine ndinaphunzira zimenezi usiku wina pa kampani ina imene ndinkagwirako. Ndege imene inayenera kupita inapezeka ndi vuto la mabuleki, tinaikapo inzake ya mtundu womwewo. Mafuta ndinawerengeranso, kulemera ndinakonzanso, koma pulani ndinaisiya momwe inalili poti njira sinasinthe. Patatha ola itanyamuka, kapirinta ka pakona kanalavula kapepala: ayesa kulumikiza katatu, akanidwa katatu. Tinaimbira mainjiniya, iwo akuti azimitse n'kuyatsanso. Sizinathandize. Mphindi makumi awiri zinatha tikuimba mlandu bokosi losalakwa, tiyi atazizira m'makapu. Mayi wina wa pa tebulo loyandikana, amene ntchitoyi anaiyamba ine ndili ku pulayimale, anadzuka osalankhula, n'kudzaika chala pa sikirini pamene panali REG/. Nambala inali ya ndege ija inatsala m'shedi ikukonzedwa mabuleki. Ndinatumiza CHG, uthenga wosinthira pulani, manja akunjenjemera, ndipo kulumikiza kunatheka. Koma ndege inali italowa kale panyanja pa FL280, ndipo mulingo umene tinkafuna unali utatengedwa. Inadzakwera mochedwa, n'kukatera ndi mafuta ochepera amene ndinamulonjeza kaputeni. Mayi aja sanandikalipire. Anangondiuza kuti ndege ikasintha, bokosi 10 ndi 18 ndiziwerenga mokweza, chilembo ndi chilembo, wina akumvera. Ndimatero mpaka lero.

10. Chinthu chikafa ndege isananyamuke, tsegulani MEL, buku lonena zimene ndege ingauluke nazo zili zakufa, ndi malire ake. Musawerenge mzere umodzi wokha. HF imodzi ikafa MEL ikhoza kulola, koma pokhapokha foni ya setilaiti kapena CPDLC zikugwira, ndiye onani ngati zimenezonso sizinalembedwe kale pa tsamba lina kuti n'zakufa. Bokosi la setilaiti likafa, J5, M1, P2 ndi RSP180 zichoke pa pulani, D1 nayonso panyanja ilibe poyendera, ndipo njira ndi mafuta muyambirenso. HF zonse zikafa, ku Shanwick musalowe. Chotsala ndi njira ya kumpoto yodutsa ku Iceland ndi Greenland, kumene VHF imafika ndege ikakhala pamwamba mokwanira, ndipo ndi yozungulira.

Pa ndege zambiri HF ziwirizo zimagawana eriyo imodzi, ya m'chipsepse choimirira cha kumchira, choncho mawu oti tili nazo ziwiri musawadalire kwambiri. Poyesa pansi, kumva lipoti la nyengo la Shannon pa 5505 kapena 8957 kHz kumangosonyeza kuti wailesi imamva. Zoti imalankhula mumazidziwa podina batani, kumvera kulira kwa masekondi angapo pamene coupler, bokosi lolinganiza eriyo ndi frequency, ikudzikonza, kenaka kuitana siteshoni n'kuyankhidwa. Osachita izi ndege ikumwa mafuta, ili m'shedi, kapena munthu ali pa makwerero pafupi ndi mchira. Mphamvu yake ndi ma watt mazana angapo. Imaotcha khungu, ndipo ikhoza kuyambitsa moto.

11. Dzuwa lili ndi nyengo zake, zozungulira zaka pafupifupi 11, ndipo likapsa mtima limalavula mphamvu imene imatseka HF mbali yonse ya dziko kumene kuli masana, kwa mphindi zingapo kapena maola. Kufupi ndi North Pole kutsekako kumatha masiku. Mkuntho wotere wa mu Meyi 2024 unali waukulu kuposa yonse m'zaka 20. Kuyambira Novembala 2019 ICAO ili ndi dongosolo la machenjezo a zimenezi, ndipo amabwera pamodzi ndi malipoti ena a nyengo. Tsiku limene chenjezo la HF latuluka, ine sinditumiza ndege ya setilaiti yakufa, ngakhale MEL ikulola. Amenewo ndi maganizo anga, si lamulo. Abwana a zamalonda adzakutsutsani. Inu lembani chifukwa chanu m'buku la shifiti, muikepo nthawi.

12. Zonse zikafa, woyendetsa amayesa frequency yodikirira, kenaka za mabanja ena, siteshoni ina iliyonse imene ingamve, foni ya setilaiti, ndiye 123.45 kupempha ndege yapafupi kuti imuperekere uthenga, ndi 121.5 zikavutitsitsa. Pa transponder, chida chodziwikitsa ndege kwa a pansi, amaika 7600. Vutoli likamupeza asanalowe panyanja, malangizo ndi oti asalowe. Likamupeza ali kale pakati, amapitiriza monga mwa chilolezo chomaliza chimene anavomera, njira, mulingo ndi liwiro, mpaka potulukira, chifukwa pamenepo ndi pamene kontirola akumusungira mpata. Pulani yanu inali ndi kukwera pa 30 West? Popanda chilolezo sakwera. N'chifukwa chake powerengera mafuta ndimadzifunsa ngati ndege ingafike itakhalabe pa mulingo umene yalowera.

Inunso pa nthawi yotere muli ndi gawo lanu. Pa 1 Juni 2009 ndege ya Air France 447, Airbus A330 yochoka ku Rio de Janeiro kupita ku Paris ndi anthu 228, inalankhula komaliza pa HF ndi Atlantico ya ku Brazil cha m'ma 01:35 UTC, SELCAL n'kuyesedwa bwinobwino. Oyendetsa anayesa katatu kulumikiza ADS-C ndi Dakar, kompyuta ya kumeneko n'kukana chifukwa inalibe pulani ya ulendowo. Ndege inagwa m'nyanja cha m'ma 02:14. Chinaigwetsa si wailesi. Ofufuza a ku France anapeza kuti timapaipi toyezera liwiro tinatsekeka ndi madzi oundana, oyendetsa n'kulephera kuiwongola. Koma poti kusamveka kwa ndege pa HF m'chigawo chimenecho chinali chinthu chozolowereka, panadutsa maola oposa asanu chenjezo lisanaperekedwe, uyu akuti ikulankhula ndi uyo, uyo akuti ikulankhula ndi wina. Zitachitika izi, n'kudzasowanso ndege ya MH370 mu Malichi 2014, ICAO inakhazikitsa kuti kuyambira Novembala 2018 kampani izidziwa pamene ndege yake yaikulu ili panyanja mphindi 15 zilizonse.

Usiku wa shifiti yanu, kampani imeneyo ndi inu. Kadontho kakasiya kuyenda pa sikirini, lemberani ndege pa ACARS, njira ya mauthenga a kampani. Kukakhala chete, imbani foni ya setilaiti. Kukakhalabe chete, imbirani woyang'anira shifiti kumalo olondolera chigawo chimene ndege ilimo, mufunse nthawi imene anaimva komaliza, ndipo musavomere yankho loti mwina ili ndi anzathu. Manambala a Prestwick, Gander, Reykjavik, Santa Maria ndi New York akhale pa pepala lomata pakhoma, chifukwa usiku umene mudzawafune ukhoza kukhala womwewo umene netiweki ya mu ofesi yagwa. Amene mumatumiza ndege kuchokera ku Johannesburg kupita ku São Paulo, onjezanipo a Johannesburg Oceanic ndi Atlantico.